Usiku umene makombola anathawitsa Ndatopa

Galu wathu dzina lake ndi Ndatopa. Anamutcha dzinali ndi apongozi anga, chaka chimene akuba anatimalizira nkhuku m'khola kuno ku Chibavi. Tsiku limene ndinabwera ndi kagaluko m'katoni, iwo anakayang'ana n'kunena kuti, "Ndatopa nawo akubawa, kaleredwe kameneka." Dzina n'kukhala lomwelo. Ndayamba ndi dzina kuti mundione bwino m'maganizo mwanu: bambo wa ana atatu, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, ndikuponda matope 2 koloko usiku wa pa 1 Januwale, uku ndikukuwa kuti, "Ndatopa! Ndatopa!" Anyamata ena ochokera kumowa anandiyankha ali patsidya la msewu kuti, "Ngati mwatopa kagoneni adada, chaka changoyamba kumene!"

Mlandu unali wanga, ndipo unayamba masiku khumi usiku umenewo usanafike. Kuno ku Mzuzu makombola sadikira 12 koloko ya pa 31 Disembala. Sukulu zikangotsekera, ana amayamba kuwagula m'maokala ndi kumsika, ndiye Khirisimasi isanakwane kumakhala kuli phu! apa, phu! apo, makamaka dzuwa likamalowa. Ndatopa anayamba kusintha. Nsima yake ya m'gaiwa ankaisiya m'mbale madzulo, n'kumaidya m'mawa itazizira. Ankalowa pansi pa thandala la mbale, mchira uli pakati pa miyendo, akupuma wefuwefu lilime panja, chonsecho kunja kukuzizira ndi mvula ya Mzuzu. Dovu linkangoyenderera. Tsiku lina anadzipanikiza pachitseko cha kukhitchini mpaka analowa, ine n'kumutulutsa ndi kamtengo. Ndinamunena kuti ndi galu wamantha, wodya ufa wanga waulere. Apa ndiye ndimachita manyazi kwambiri ndikakumbukira, chifukwa nyamayo inkandiuza vuto lake m'njira zonse zimene ikanatha, ine n'kumati ndi mwano.

Madzulo a pa 31 tonse tinanyamuka kupita ku mapemphero olowera chaka. Ndisanatseke geti ndinaganiza kuti ndachenjera: ndinamanga Ndatopa patcheni pamtengo wa peyala, kuti akachita mantha asathawe. Mphaka wathu Dona tinamusiya panja monga mwa masiku onse. 12 koloko itakwana, ngakhale m'tchalitchi muli zoimbira ndi nthungululu, tinkamva mzinda wonse ukuphulika. Makombola, mahutala a galimoto, ana akumenya zitini ndi malata, ndipo timapiri ta Mzuzu timabweza phokoso moti sudziwa kumene likuchokera. Ine ndinkangowomba m'manja, za galu osaziganiza n'komwe.

Titafika kunyumba cha m'ma 1 koloko, tochi inaunika tcheni chili pansi, lamba wa m'khosi ali chimangire koma wopanda galu. Dothi lozungulira peyala linali litakumbika ngati padutsa khasu. Pampanda wa malata panali pokhotama, ndipo pamenepo panali magazi ndi ubweya. Dona nayenso kunalibe.

Usiku umenewo ndinangoyenda mwachisawawa, n'chifukwa chake anyamata aja anandiseka. Zimene zinathandiza zinayamba kutacha. Mwana wathu wamkulu anapeza chithunzi cha Ndatopa m'foni n'kuchitumiza m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi a m'dera lathu. Ine ndinazungulira m'masiteji a kabaza, ndinalankhula ndi alonda a m'nyumba zomangidwa kumene, ndi amayi ogulitsa masamba amene amalawirira kumadimba. Anthu amenewa ndiwo amaona zonse. Mlonda wina wachikulire anandilangiza kuti ndisamafune masana, galu wamantha amabisala dzuwa likatuluka, ndizifuna m'bandakucha ndi chisisira, ndipo ndiziyang'ana m'makalavati, m'zigwembe za nyumba zosatha, m'nthochi ndi m'chimanga. Geti tinalisiya lotsegula pang'ono, pakhonde tinaikapo thumba limene amagonapo ndi malaya anga osachapa. Mtima wanga unali pa msewu wa M1. Galimoto iliyonse ikadutsa mothamanga ndinkangoti basi, ndikamutola m'ngalande.

Ndatopa anapezeka pa 3 Januwale m'mawa. Wakabaza wina anaimba foni kuti waona galu wofiirira m'kalavati kumunsi chakudambo, mtunda ndithu kuchokera kwathu. Ndinapita ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16 amene ankasewera ndi galuyu tsiku ndi tsiku. Atangomuona anathamanga n'kupisa mkono m'kalavatimo kuti amukoke. Ndatopa anamuluma pachikhatho. Galu yemweyo amene ankadya m'manja mwake! Nyama imene yakhala masiku atatu ndi mantha, njala ndi bala sizindikira msanga kuti uyu ndi wakwathu, imangoona dzanja likubwera pomwe ilibe kothawira.

Apa ndiime kaye, chifukwa kulumidwa ndi galu m'Malawi muno si nkhani yoseweretsa. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Tinathamangira pampopi wa nyumba yapafupi, tinapempha sopo, n'kutsuka balalo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu, ndikuyang'ana nthawi pafoni. Zimaoneka zambiri ukamatsuka, koma musafupikitse. Kenako mayi a kunyumba anapita naye kuchipatala atatenga khadi la katemera wa galu, kuti achipatala aweruze okha zoyenera kuchita. Galuyo tinauzidwa kuti timusunge motsekera ndi kumuyang'anira kwa masiku 10, poti galu amene anali ndi chiwewe chopatsirana pa nthawi yoluma satha masiku amenewo ali bwinobwino. Khadi lija likanakhala kuti tinalitaya, kapena katemera wa chaka chimenecho tinamuphonya, bwenzi nkhawa yake ili ina.

Ine ndinatsala pakalavati. Ndinakhala pansi chapambali, osamuyang'ana m'maso, ndikuponya usipa umodziumodzi ndi kumulankhula motsitsa ngati ndikulankhula ndi mwana wodwala. Panatha pafupifupi ola. Kenako anatuluka yekha, akutsimphina, n'kudzagoneka mutu pabondo langa.

Kuvetenale, adokotala a ziweto anatsuka phazi limene lata linacheka, anam'baya jekeseni, n'kumubwerezanso katemera wa chiwewe poti sitinkadziwa agalu amene anakumana nawo kutchireko. Nditawafotokozera za tcheni anandiyang'ana kanthawi. Anati ndithokoze kuti lamba anali wokhwepa. Galu womangidwa akadumpha mpanda tcheni chili m'khosi amalendewera mbali inayo n'kufa, ndipo ena amadzipotokola khosi pozungulira mtengo. Ndinkati ndamuteteza, pomwe ndinamusiya pabwalo, pansi pa thambo lophulika, wopanda pobisala.

Anandifotokozeranso za makutu. Munthu amamva mawu mpaka mahetsi (muyeso wa kuonda kwa liwu, ngati la wenzulo) pafupifupi 20,000, galu amapitirira 40,000, mphaka amadutsa 60,000. Khombola lalikulu pomwe laphulikira limafika madesibeli (muyeso wa kukula kwa phokoso) 150, pomwe khutu la munthu limayamba kuonongeka likakhalitsa paphokoso lopitirira 85. Komanso sikuti ndi kukula kwa phokoso kokha. Mvula ya mabingu imachenjeza, kumachita mdima, mphepo imasintha. Khombola limangoti phu! popanda chenjezo, limabwera ndi kuwala ndi fungo la wonga, kenako zii, kenako lina kumbali ina. Iwe ukudziwa kuti ndi chisangalalo. Galu alibe kalendala.

Ndili pomwepo ndinafunsa funso limene ndikudziwa kuti ambiri mumafunsa: kodi sindingangomupatsa Panado kapena Piriton kuti agone? Mayi a kunyumba anali atanena kale kuti tikamupeza Dona timusungunulire theka la Panado mumkaka. Adokotala anachita kuimirira. Panado ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi chake sichitha kuwaphwanya mankhwalawa, magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zotuwa, nkhope imatupa, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Brufen amaononga m'mimba ndi impso za galu. Mowa, umene ena amathira m'mbale ya galu moseka pa chikondwerero, nawonso ndi poizoni. Mankhwala ochepetsa mantha a ziweto alipo, koma amalemba ndi dokotala atayeza kulemera kwa nyamayo, ndipo amafuna kuyesedwa tsiku lina usiku weniweniwo usanafike. Anandichenjezanso za mankhwala ena ogonetsa, otchedwa acepromazine, amene amafooketsa thupi koma mantha osachoka: galu amagona chete iwe n'kumati wapepukidwa, pomwe akumva zonse koma akulephera kudzuka.

Dona anapezeka tsiku lomwelo madzulo, m'siling'i. Tinamva kulira kwapansipansi pamwamba pa chipinda cha ana. Analowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata, ndipo anakhalamo masiku onsewo. Ana ankafuna kukwera kuti akamutulutse, koma phunziro la m'mawa linali likadali lofunda. Tinatsegula chivundikiro cha siling'i, tinaikapo mbale ya usipa ndi madzi, tonse n'kutuluka m'chipindamo. Pakati pa usiku anatsika yekha. Mantha a mphaka savuta kuwaphonya chifukwa sachita phokoso, amangosowa. Koma mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya chiwindi chimayamba kuvutika, ndipo wamphongo akamapita pokodzera kawirikawiri, akudzikakamiza koma mkodzo osatuluka, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri. Nkhawa imatha kuyambitsa vuto limeneli.

Chaka chotsatira ndinayamba kukonzekera mu Novembala, ndipo nkhondo yoyamba inali ya m'nyumba. Apongozi anakana kwamtuwagalu. "Galu m'nyumba? Bambo, zimenezo n'zachizungu. Nanga akuba akabwera adzauwa ndani?" Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, chaka chatha usiku umenewu anauwa ndani?" Anakhala chete, kenako anati bola asafike pabalaza. Tinagwirizana za kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba a chimanga, kamene kali mkatikati ndipo kali ndi kawindo kamodzi kakang'ono. Ndinachotsamo feteleza, mankhwala a makoswe ndi a anankafumbwe, zikwanje ndi mabotolo. Ndinaikamo tebulo lakale, ndinalifunditsa bulangete lolemera mbali zitatu kuti pansi pake pakhale ngati phanga, n'kuyalamo thumba lake ndi juzi yanga yakutha.

Chinsinsi chake n'chakuti malowo asawaone koyamba usiku wa makombola. Mukam'kankhira m'chipinda chachilendo phokoso litayamba kale, kwa iye ndi ndende, adzakanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Ife tinayamba kumudyetsera mmenemo madzulo alionse, chitseko chili chotsegula. Patatha sabata ziwiri ankapita yekha kukagona pansi pa tebulo paja mvula ya mabingu ikayamba.

Tinayesanso kumuzoloweza phokoso. Mwana wathu anakopera kulira kwa makombola pa intaneti, tinkakuliza pafoni motsitsa kwambiri pa nthawi ya chakudya, n'kumakweza pang'onopang'ono pakapita masiku. Lamulo lake ndi loti akangosiya kudya kapena kuimika makutu mwamantha, mwakweza msanga, bwererani pansi. Ndinene zoona, kwa Ndatopa zinathandiza pang'ono chabe. Sipika ya foni siigwedeza nthaka ndipo siinunkha wonga, komanso iye anali atapsa kale. Njirayi imagwira bwino pa ana agalu, makamaka asanakwane miyezi itatu, pamene chilichonse chatsopano amachilandira mosavuta. Amene muli ndi kagalu panopa, yambani lero.

Ndinagulanso lamba womukwana bwino, wolowa zala ziwiri zokha pakati pa lamba ndi khosi, ndipo wosoka nsapato pamsika anandisokererapo kachikopa kolembedwa nambala yanga ya foni. Mpanda ndinauzungulira wonse ndi hamala ndi misomali.

Pa 31 Disembala ntchito yonse inachitika dzuwa lisanalowe. Cha m'ma 3 koloko ndinayenda naye pachingwe mtunda wautali kuti atope ndi kudzithandiza. 5 koloko anadya, nsima yambiri ndi usipa, poti mantha akayamba sadya, komanso wokhuta amagona msanga. Dona tinamukopa ndi mkaka pang'ono 4 koloko isanakwane, chifukwa mphaka akamva kuphulika koyamba ali panja simumuonanso. Iye tinamuika kuchipinda kwathu, kosiyana ndi galu, ndi beseni lakale la mchenga pakona, madzi, katoni pansi pa bedi, ndi chitseko cha kabati ya zovala chotsegula. Mpata wa kusiling'i uja tinali titautseka kale. Mawindo onse tinatseka, makatani n'kukoka, magetsi a m'nyumba n'kuyatsa kuti kung'anima kwa panja kusaoneke kwambiri. Wayilesi ndinaigulira mabatire, podziwa kuti nyengo ya mvula magetsi amatha kuthima nthawi ina iliyonse, ndipo ndinaitsegula kuyambira madzulo, osati kudikira 12 koloko.

Chovuta kwambiri chinali choti wina atsale pakhomo. Ndinatsala ine. Anzanga a kutchalitchi anandiseka kuti ndasiya mapemphero chifukwa cha galu, ndipo mkulu wina anandifunsa ngati Ndatopa amapereka chakhumi. Ndinaseka nawo, komabe sindinapite.

11 koloko itadutsa zinayamba kukula. Ndatopa anadzuka, anazungulira kachipinda kaja, wefuwefu, kenako anadzandikankha ndi mphuno. Pali chikhulupiriro choti galu wamantha ukamusisita ndiye kuti ukumuphunzitsa mantha. Adokotala aja anandiuza kuti si zoona, mantha si khalidwe limene nyama imasankha kuti ilandire mphotho. Akabwera yekha msisiteni mofatsa, pachifuwa ndi m'mbali, mwapang'onopang'ono. Akasankha kubisala musiyeni, musamukoke. Chimene chimaonjezera moto ndi kukalipa, kumenya, kapena inuyo kumadzidzimuka ndi kuthamangira pawindo. Ndinakhala pampando wa ndalema ndikusenda mtedza, wayilesi ikuimba, ndipo likaphulika lalikulu ndinkamuponyera kachidutswa ka nyama ngati palibe chachitika. Poyamba ankatola. 12 koloko yeniyeni anakana, analowa pansi pa tebulo, thupi lonse likunjenjemera, mutu wokha uli paphazi langa. Zinatenga mphindi pafupifupi 40 kuti phokoso la kunja liyambe kuchepa. Sindinganame kuti sanaope. Anaopa kwambiri, koma anaopera pamalo pomwe panalibe lata lomucheka kapena galimoto yomugunda.

Dona sindinamuone usiku wonse. Nditasuzumira ndinangoona maso awiri akuda bii kuseri kwa masuti m'kabati, makutu atagona chammbuyo. Ndinabweza chitseko mmene chinalili n'kutuluka.

Pali kena kamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Cha m'ma 2 koloko kutakhala bata ndinafuna kumutulutsa kuti akakodze, ndipo ndinali nditagwira kale chitseko osamumanga. Ndinabwerera kukatenga chingwe. Tili panja, wina kuseri kwa mpanda anaphulitsa lotsala, galu n'kudumpha mpaka chingwe chinandisupula chala. Masiku atatu oyamba a Januwale otsalira amaphulikabe mwa apo ndi apo, choncho musafulumire kumasula. Alendo obwera kudzapereka mafuno abwino nawonso amasiya geti pululu, muziwauza.

M'mawa wa pa 1 ndinazungulira bwalo ndi tsache galu asanatuluke. Ndinatola timapepala topserera ndi timitengo ta makombola togwera kuchokera kwa aneba, kuphatikizapo limodzi losaphulika, limene ndinaliviika m'ndowa ya madzi. Ana agalu makamaka amatafuna zimenezi, ndipo wonga ndi mankhwala opatsa mitundu aja amatsegula m'mimba, kusanzitsa, mwinanso kuposa apo. Ndinatolanso mafupa a nkhuku ophika amene ana anataya, poti amathetheka n'kubaya m'matumbo. Zotsala za phwando zokhala ndi anyezi wambiri, chokoleti, ndi keke ya mphesa zouma musazikhuthulire m'mbale ya galu.

Za aneba ndinene pang'ono. Sindinapite kukaletsa ana a eni kusangalala, nanenso ndinaphulitsapo ndili mnyamata. Ndinangopita kwa bambo a nyumba yoyandikana nafe sabata imodzi chisanafike chaka, n'kuwapempha kuti anyamata awo akaphulitsire kubwalo la mpira m'malo mwa kuseri kwa mpanda wathu, ndiponso andiuze nthawi. Anavomera mosavuta, poti nawonso ali ndi khanda ndi agogo odwala mtima. Chimene sindingachilekerere ndi ana oponyera khombola galu dala, kapena kulimangirira kumchira kuti aseke. Ndinagwirapo awiri akuchita zimenezi kwa galu wa mumsewu, ndipo ndinawaperekeza mpaka kwa makolo awo.

Tsopano papita zaka zitatu. Ndatopa wayamba imvi kukamwa, phazi lija lili ndi chipsera, ndipo mantha sanathe. Chaka chino ndikufuna ndikaonane ndi adokotala kumayambiriro kwa Disembala za mankhwala aja, chifukwa akamakula kunjenjemera kukuchedwa kusiya. Anandiuzanso kuti galu wokalamba akayamba kuopa phokoso kuposa kale, nthawi zina pamakhala ululu m'mafupa kapena m'makutu, ndiye adzamuyeze thupi lonse. Kachipinda kaja sitinakabwezerenso makasu. Dzulo kunagwa mvula ya ziphaliwali chakumadzulo, ndipo ndisanadzuke pampando ndinamva apongozi akutsegula chitseko cha kukhitchini, akulankhula motsitsa kuti ine ndisamve: "Lowa msanga iwe, usanyowetse pansi."